Kapepala kamene ndinagulitsa kakhumi ndi kawiri

Ambuye alemekezeke, amayi anzanga. Ndathokoza amayi abusa pondipatsa mpata uwu. Mwandiona ndagwira mapepala, musadabwe. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, kulemba kumandivuta, koma ndinadziwa kuti ndikangoima pano n'kumayankhula za pamtima, ndidumpha malo amene akundichititsa manyazi. Choncho ndinakhala pansi masiku anayi n'kulemba zonse, kuti pakamwa panga pasapeze pothawira.

Dzina langa ndine Esinala. Pano mumanditcha Make Chisomo, koma mumsika wa Zingwangwa ndinali ndi dzina lina. Ankanditcha Mayi Orijino. Dzinalo ndi limene ndinataya, ndipo nditalitaya ndinapweteka munthu amene sanandilakwire kanthu.

Geni yanga ndi yogulitsa madisiki a magemu, aja achinyamata amasewera pa TV ndi makina amene amawatcha PS. Sindinagulitsepo atsopano. Anga ndi akaunjika, oti ena anasewera n'kutopa nawo. Geniyi anaiyamba ndi malemu amuna anga, bambo a Chisomo, ntchito yawo itatha ku Makata. Ine mpaka lero sindidziwa kusewera gemu ngakhale imodzi. Mukandipatsa padi, kaja kogwira m'manja posewera, ndimangokayang'ana. Koma disiki ndimaidziwa. Amuna anga anandiphunzitsa kuitembenuza n'kuiloza ku dzuwa, kuona ngati yakalika kwambiri, kuipukuta ndi mankhwala otsukira mano, komanso kusiyanitsa yeniyeni ndi feki, yokopera ija.

Tinali ndi lamulo lathu pa benchi: bweretsa ziwiri, tenga imodzi. Disiki imodzi inkayenda Zingwangwa yonse, kupita ku Bangwe, kukafika ku Ndirande, kenako n'kubwereranso kwa ife. Amuna anga ankadontheza kadontho kofiira ka penti wanga wa zikhadabo pafupi ndi chibowo cha disiki iliyonse imene taiyesa n'kuona kuti ndi yabwino. Anyamata ankati, "Ngati ili ndi kadontho, tenga, usafunsenso." Poyesera tinali ndi makina akale ndi ka TV, zimene zinkakhala mu shopu ya achimwene Lameki, okonza mafoni, pafupi ndi benchi yathu, chifukwa iwo ali ndi magetsi. A Lameki anali mnzawo wa amuna anga, ndiye amanditcha alamu.

Amuna anga atatisiya, benchi ija ndi imene inatidyetsa ine ndi mwana wanga Chisomo. Sitinagone ndi njala. Ndikuthokoza Mulungu pa zaka zimenezo.

Kenako geni inayamba kufa, ndipo zinthu ziwiri ndi zimene zinaipha. Choyamba, kunabwera anthu a malaputopu, oika magemu. Munthu amangowapititsira makina ake, iwo n'kuwatsegula mwanjira yawo, n'kuthiramo magemu okopera ambirimbiri pa mtengo wa disiki yanga imodzi. Chachiwiri, magemu atsopano anayamba kugulidwa pa intaneti. Palibe disiki, palibe chikuto, palibe chogwira m'manja. Ukamaliza kusewera sungabweze, sungasinthane ndi mnzako. Gemu ya pa intaneti ilibe kaunjika wake. Ndinkakhala tsiku lonse kupukuta fumbi pa madisiki, anthu n'kumangondipatsa moni podutsa.

Ndivomere pano kuti ndinali wonyada. Anthu a malaputopu aja ndinkawanena mokweza kuti ndi akuba. Ndinkati, "Ine ndifa ndi njala koma feki sindigulitsa." Ndinkakonda kuti anthu andimve ndikunena zimenezo.

Tsiku lina a Lameki anandiitana.

"Alamu, benchi yanuyi ikundimvetsa chisoni. Mng'ono wanga wa ku Joni wasiya zosewerasewera. Ali ndi akaunti ya pa intaneti, muli magemu anayi, ya mpira yatsopano ilimonso. Akuti ndione chochita nayo. Tengani inuyo."

Ndinafunsa kuti akauntiyo ili kuti, ndiione. Anaseka, n'kung'amba pepala m'kope, n'kulembapo mizere iwiri: dzina lolowera, ndi mawu achinsinsi, pasiwedi.

"Ndi yomweyi. Munthu akalemba izi pa makina ake, magemu aja amakhala ake. Koma mundimvetse, alamu: anthu awiri okha. Wachitatu akalowa ayamba kukankhana, ndipo eni ake a magemu akazindikira, atseka zonse."

"Awiri okha," ndinayankha choncho.

Ndinakopera mizere ija pa kapepala kena n'kugulitsa kwa kasitomala wanga wakale. Atachoka, ndinayang'ana pa benchi. Amayi anzanga, inu amene mumagulitsa tomato mukudziwa: mulu ukagulidwa, pamatsala malo. Disiki ikapita, pa benchi pamaoneka mpata. Koma tsiku limenelo ndinagulitsa chinthu, ndalama ili m'manja, katundu alinso m'chikwama changa osachepa ngakhale pang'ono. Ndinaima n'kumaganiza zimenezo nthawi yaitali. Satana sanabwere ndi nyanga. Anabwera ndi bolopeni ndi kope la ana asukulu.

Wachiwiri ndinamugulitsa mawa lake. Wachitatu ndinadziuza kuti a Lameki amangokokomeza. Wachinayi sindinadziuze kanthu. Onse ndinkawauza kuti asakaikitse magemuwo kwa a Lameki, n'kumawanamiza kuti intaneti yawo ndi yochedwa. Wina ndinkamulozera ku Chitawira, wina ku Ndirande, kuti asakumane. Palibe anandikayikira. Ponena za ine ankati, "Masiteni akanena kuti ndi orijino, ndi orijino." Kunyumba tinayamba kudya nyama. Ndinagula zitenje ziwiri zatsopano. Chopereka changa muno m'tchalitchi chinakwera, ndipo ena mwa inu munandiyamikira kuti Mulungu wandikumbukira. Pepala loyamba lija ndinkalisunga m'chikwama chomwe ndimabwera nacho ku mapemphero, pamodzi ndi buku la nyimbo.

Sipanatenge nthawi, anayamba kubwera mmodzimmodzi.

"Masiteni, gemu ija ikuonetsa kaloko pa sikirini. Nthawi zina ikutseguka, nthawi zina ayi."

Apa ndi pamene ndinapeza bodza langa, ndipo linkagwira ntchito pa aliyense. Ndinkatambasula manja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine za makompyuta ndizidziwira kuti? Kwa anzako ikugwira bwinobwino. Mwina unadina polakwika." Munthu ankachoka akukanda mutu, akudziimba mlandu yekha. Ndinabisala kuseri kwa umbuli wanga. Ndinkadziwa ndithu chimene chikuchitika, koma ndinkavala nkhope ya mayi wosaphunzira, ndipo inkandikwana bwino.

Nditagulitsa kwa anthu khumi ndi mmodzi, maloko atayamba kale kuoneka, kunabwera Mayi Mulewa. Ali muno, akhala kumbuyoko, ndipo ndinawapempha chilolezo ndisanalembe dzina lawo. Kwa amene simukuwadziwa, ndi mnzathu wa m'gulu la amayi lino, tinkakhala benchi imodzi Lachinayi lililonse. Amuna awo, Bambo Mulewa, anadwala sitiroko, mbali yakumanzere inafooka, dzanja linapindika. Kuchipatala anawauza kuti dzanjalo lizigwira ntchito tsiku ndi tsiku, apo ayi liuma. Mwana wawo wa ku Joni atamva, anawatumizira makina a gemu, poti bambowo ndi okonda mpira kuyambira kale, kuti zala zizitakataka pa padi.

Mayi Mulewa anafika pa benchi yanga atasenza makinawo, atawakulunga m'chitenje.

"Make Chisomo, tandithandizani. Chinthuchi pakamwa pake ndi pati? Tafufuza ine ndi abambo, tatembenuza uku ndi uku, polowetsa disiki sitikupaona."

Tinaseka tonse awiri. Ndinawauza kuti makina amasiku ano ena amabwera opanda pakamwa, amadya za pa intaneti zokha. Nkhope yawo inagwa.

"Ndiye mwanayu wangotaya ndalama? Abambo akudikira kunyumba ngati mwana wa Khirisimasi."

Ndikanatha kunena kuti ndilibe chowathandiza. Ndikanatha kuwalowetsa kwa a Lameki, chitseko chinali pompo. Mtima unandiuza ndithu kuti usatero, Esinala, uyu ndi mlongo wako mwa Ambuye. Koma dzanja langa linali litatsegula kale chikwama. Ndinalemba kapepala kachikhumi ndi chiwiri. Ndinafika mpaka ponyamula makinawo ndekha, kukwera nawo minibasi kupita ku Chitawira kukaikitsa gemu ya mpira, kuti a Lameki asaone. Mayi Mulewa anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni, ndani angachite zotere masiku ano?"

Kwa masabata atatu gemu ija inkagwira, mwina chifukwa bambowo ankasewera m'mawa, anzawo khumi ndi mmodzi aja ali kuntchito kapena kusukulu. Lachinayi lina Mayi Mulewa anaima pomwe ndaima panopa, n'kuchitira umboni. Anati amuna awo agwira kapu ya tiyi ndi dzanja lakumanzere koyamba chidwalireni. Anati m'nyumba mwawo mwabwerera phokoso, bambo akukuwa chigoli ngati ali ku bwalo. Anatchula dzina langa. Inu munaimba nthungululu, ndipo ine ndinadzuka n'kuvina. Ndinavina, amayi. Ena mukukumbukira.

Sabata yotsatira eni ake a magemu anatseka akaunti yonse. Onse khumi ndi awiri, tsiku limodzi.

Woyamba kufika anali Mayi Mulewa, m'mawa ndisanamalize kuyala madisiki.

"Make Chisomo, kwabwera kaloko pa sikirini. Abambo ayesa, ayesa, sikukutseguka."

Ndipo pakamwa panga panatuluka mawu aja, osaganiza n'komwe, poti anali atazolowera njira. "Kwa ena ikugwira bwinobwino. Mwina abambo anadina polakwika."

Iwo anati, "N'kutheka, dzanja lija silinakhazikike." Anatsanzika n'kumapita.

Masana ake anyamata anadzaza pa benchi. Ena anali atapita kale kwa a Lameki kukafunsa za kaloko, ndipo atalinganiza timapepala tawo anapeza kuti tonse n'tofanana, kalembedwe kangakanga. Panali mawu oipa, ena anakankha benchi madisiki n'kumwazika m'fumbi. A Lameki anawabalalitsa, kenako anaima patsogolo panga.

"Alamu, ndi angati?"

"Anayi."

"Kwa ine abwera asanu ndi awiri."

Analowa mu shopu, n'kutulutsa makina oyesera a amuna anga ndi ka TV kaja, n'kuziika pa benchi. "Mnzanga uja akanakhala moyo, sindikudziwa kuti ndikanamuyang'ana bwanji. Katundu wanu uyu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kupita kumsika. Ndinachotsa simu mufoni. Chisomo, amene tsopano ndi wamkulu ndipo amasoka zovala ku Chilomoni, ndinamuuza kuti BP yakwera. Inunso ndinakutumizirani uthenga womwewo. Ndinkakhala m'nyumba makatani otseka, wina akagogoda ine n'kumagwira mpweya. Kupemphera ndinasiya. Ndikagwada, ndinkangoona kaloko. Koma tamverani kuuma mtima kwanga: masabata asanu amenewo ndinkadandaula za dzina langa, za benchi yanga, za chimene anthu akunena mumsika. Za Bambo Mulewa sindinaganizeko ngakhale kamodzi.

Lachinayi la sabata yachisanu, amayi anayi a gulu lino anafika pakhomo panga atavala yunifolomu, atanyamula shuga ndi sopo monga timachitira pokaona odwala. Anapemphera nane, kenako amayi otsogolera anati, "Mukuoneka mwapezako bwino. Valani, tipitire limodzi kwa a Mulewa, tamva kuti bambo aja abwerera m'mbuyo." Ndinasowa chokana. Ndinavala bulauzi yanga yoyera, n'kumanga mpango, n'kunyamula chikwama chija.

Bambo Mulewa tinawapeza atagona pa mphasa pabalaza, dzuwa likuswa mtengo koma iwo atafunda bulangete. Anali ataonda. Makina aja anali pamwamba pa kabati, atakutidwa ndi nsalu yoluka. Tinaimba nyimbo ziwiri. Mayi Mulewa anatiuza motsitsa mawu kuti chitsekereni gemu ija, bambo akukana zolimbitsa dzanja, akukana kupita kuchipatala, chakudya akungolawa. Mwana wa ku Joni akaimba foni, amamuuza kuti zonse zili bwino, akuopa kumuuza kuti mphatso yake yawonongeka.

Ine ndinakhala kumbuyo kwa anzanga, pafupi ndi chitseko. Koma bambowo anandiona. Amayankhula movutika chifukwa cha matenda aja, mawu amatuluka amodziamodzi, ndiye m'nyumba monse munakhala zii kuti timve.

"Make Chisomo. Sunthirani kuno."

Ndinasunthira, n'kugwada pafupi ndi mphasa. Dzanja lakumanzere anali atalibisa pansi pa bulangete.

"Mundikhululukire, mayi. Munavutika. Munanyamula makina aja mpaka ku Chitawira. Munatipatsa chinthu chabwino. Ine ndi dzanja langali ndawononga." Anapuma kaye, misozi ikutsikira m'khutu. "Dzanja ili linanditayitsa ntchito. Pano lawononga mphatso ya mwana wanga. Lingokhala. Lisagwirenso kanthu."

Amayi anzanga, munthu amene ndinamubera ankandipepesa. Bodza limene ndinaponya mumsika kuti ndidzipulumutse linayenda mpaka kulowa m'nyumba muja, n'kukagona pa dzanja la munthu wodwala masabata asanu.

Mukuganiza kuti ndinaulula pomwepo? Ayi. Ndalemba apa kuti ndisadumphe. Ndinawasisita paphewa n'kunena kuti, "Musadandaule bambo, zimachitika." Ndiye amayi otsogolera anati, "Make Chisomo, poti ndinu amene Mulungu anakugwiritsani ntchito pakhomo pano, titsekereni ndi pemphero." Ndipo ndinapemphera. Ndinapemphera bwino, mawu osalala, anzanga akuyankha ameni. Ndinapempha Mulungu kuti achotse mzimu wokhumudwa mwa bambowa. Ndamvapo maumboni a anthu amene anagona m'ngalande ndi mowa, ena amene analowa kundende. Ine ngalande yanga inali imeneyo: nditagwada, nditavala zoyera, dzina la Yesu lili pakamwa.

Titatuluka tinasiyana pa mphambano. Ndinayenda pang'ono chabe. Ndinakhala pa kalavati m'mbali mwa msewu, minibasi zikudutsa, makondakitala akuitanira. Ndinapisa m'chikwama kufuna kansalu kopukutira thukuta, dzanja n'kukhudza pepala lija la a Lameki. Linali litafewa chifukwa chopindapinda. Ndinalitambasula. Mizere iwiri yokha. Ndinaliyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu sindinaganize za dzina langa. Ndinkangoona bulangete lija, ndi chotupa chaching'ono pamene panali dzanja.

Pemphero langa loona linali lalifupi, lopanda ameni. Ndinati, "Ambuye, ndine wakuba ndi wabodza. Dzanja lija likufa chifukwa cha ine. Ndiimikeni." Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone kuwala. Ndinangodziwa kuti ndikafika kunyumba n'kutseka chitseko, sindidzabwereranso. Ndinadzuka n'kutembenuka.

Ndinapeza Mayi Mulewa akutsuka makapu amene tinamwera.

"Mwaiwala chiyani, Make Chisomo?"

"Ndikufuna ndiyankhule nanu pamodzi ndi abambo."

Ndinagwadanso pamalo pomwe paja, n'kuika pepala pa mphasa. Ndinanena zonse. Kuti a Lameki anati awiri okha. Kuti iwo anali achikhumi ndi chiwiri. Kuti pomwe ndinkawagulitsa n'kuti ndikudziwa kuti maloko ayamba. Kuti gemu inatsekedwa kwa onse tsiku limodzi ndi anthu akutali amene sanaonepo dzanja la Bambo Mulewa. Kuti palibe chimene anadina molakwika, ndipo makina a mwana wawo ndi abwinobwino.

Mayi Mulewa sanakuwe. Anaima ndi kapu m'manja, madzi akudontha pansi.

"Munavina," anatero. "Tsiku lija ndinkachitira umboni, inu munadzuka n'kuvina."

"Ndinavina."

"Ndipo lero mwapemphera m'nyumba mwanga."

"Ndapemphera."

Bambo Mulewa anali akuvutika kudzuka. Atakhala tsonga anandifunsa, "Ndiye si dzanja langa?"

"Si dzanja lanu, bambo. Ndine."

"Sindinadine polakwika?"

"Simunadine. Ndinanama."

Anakankha bulangete ndi dzanja lamanja, n'kutulutsa linzake lija, n'kuligoneka pa bondo. Linali litapindika kuposa kale. Analiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake amene anamuthamangitsa popanda mlandu. Sanandiyang'anenso ine. Mayi Mulewa anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Tulukani. Ndipo mpango uwo mukauvule, simukuyenera." Ananena zoona.

Tsopano ndinene mmene Mulungu anandikwezera, chifukwa sizinachitike tsiku limodzi, ndipo palibe sitepe imene inali yokoma.

Ndinayamba ndi mwana wanga. Chisomo analira, n'kunena kuti, "Amayi, nyama ija tinkadya inali imeneyi?" Mawa lake anandiperekeza kwa amayi abusa, ndinakapereka bulauzi ndi mpango ndekha asanandiuze. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkakhala benchi yakumbuyo ndi zovala wamba. Ena munkadabwa, lero mwadziwa.

Kenako ndinabwezera simu mufoni n'kubwerera kumsika. Ndinayamba kulowa kwa a Lameki. Anandimvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Alamu, nanenso ndinalakwa. Ngakhale awiri aja sizinali zowongoka, akaunti ndi ya mwini wake." Anandithandiza kufufuza anthu khumi ndi mmodzi aja. Sindinalembe mayina awo paliponse, koma nkhope ndinkazidziwa. Aliyense ndinamuuza mawu omwewo: "Sunadine polakwika. Ndinakunamiza." Ena ananditukwana. Wina anaseka n'kunena kuti, "Masiteni, kani ndinu tsotsi chonchi?" Kusekako kunandipweteka kuposa kutukwana. Ndinagulitsa zitenje zija, ndinayamba kukazinga zitumbuwa m'mawa, ndipo pang'onopang'ono ndinabweza zimene ndinatenga. Mmodzi sindinamupeze mpaka lero, akuti anasamukira ku Machinjiri. Gawo lake ndinalimanga pa kansalu, likumudikira.

Mwana wa a Mulewa wa ku Joni ndinamuimbira ndekha foni, kuti amve kuchokera kwa ine kuti bambo ake sanawononge kanthu.

Koma dzanja lija silikanadikira kuti ndimalize zonsezi. Tsiku lachitatu chiululireni, ndinatenga makina akale a amuna anga, oyesera aja, okhala ndi pakamwa. Ndinasankha disiki ya mpira yakalekale, osewera ake ena anapuma kale, koma ili ndi kadontho kofiira kamene bambo a Chisomo anadontheza ndi dzanja lawo. Ndinasenza mpaka kwa a Mulewa. Mayi Mulewa anaima pakhomo, osandilowetsa.

"Mwabweretsanso chiyani?"

"Iyi ilibe pasiwedi, ilibe intaneti. Ikalowa m'nyumba mwanu ndi yanu. Palibe munthu wakutali angaitseke, ngakhale ine."

"Sitikufuna zanu."

Ndinaziika pakhonde n'kuchoka. Masiku awiri ndinkadutsa njira ya kuseri kwa nyumba yawo ngati ndikupita kwina, osamva kanthu. Tsiku lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndinamva pawindo phokoso lija la anthu a mu gemu akukuwa m'bwalo, ndi mawu olemera a bambo akunena kuti, "Menya, iwe, menya!" Ndinagwira khoma la bafa la eni ake n'kulira ngati mwana.

Mayi Mulewa sanandiyankhule miyezi isanu ndi itatu. Sindinawakakamize, kukhululuka sikulamulidwa ndi wolakwa. Tsiku lina ndikuyala katundu, ndinangoona disiki ya kadontho ija yaikidwa pa benchi.

"Abambo akuti mpira watopetsa, akufuna ya magalimoto. Lamulo lanu ndi ziwiri pa imodzi, koma ine ndabwera ndi imodzi."

"Tengani zonse, mayi."

"Ndati imodzi."

Ndinawapatsa. Anaitembenuza, n'kuiloza ku dzuwa monga ndimachitira ine, n'kuiyang'anitsitsa bwinobwino, kenako n'kuiika m'chikwama. Pochoka anati, "Lachinayi mukhale malo anu akale. Benchi ija ikuzizira." Mayi Mulewa, pamaso pa anthu onsewa, zikomo.

Za geni, sindikunamizani. Madisiki akutha. Chaka chilichonse makina okhala ndi pakamwa akuchepa, ndipo ana amene akukula pano mwina sadzadziwa kuti gemu inali chinthu choti ungabwereke mnzako kapena kusinthanitsa. Amene akundigulabe ndi a makina akale, ndi amene kwawo intaneti ndi yodula kapena yosadalirika. Ndikuganiza kuti ndidzatseka mbali imeneyi ndisanakalambe. Pano pa benchi ndinaonjezera mapadi, zingwe za TV, zikuto za mafoni, ndi beseni la zitumbuwa pambali. Anthu a malaputopu aja ndinasiya kuwanena. Zokopera sindigulitsa, koma ndilibe pakamwa potchula wina kuti wakuba. Dzina la Mayi Orijino ena anayambanso kulitchula, ena ayi, ndipo ndinasiya kulithamangira. Ndinangodziikira lamulo limodzi: ndigulitsa chokhacho chimene chikalowa m'manja mwa wogula chachoka m'manja mwanga.

Ndikudziwa muno muli amayi amene geni yanu ikufa ngati yanga. Malaya amene munkasoka akubwera otchipa, zimene munkagulitsa anthu akuzipeza pa foni. Mantha amenewo ndimawadziwa. Mwina wina wakuonetsani kale kanjira kachidule, ndipo mukudziuza kuti palibe akupwetekeka. Nanenso ndinkatero. Bodza likachoka pakamwa panu simudziwa nyumba imene likagone. Ngati mwayamba kale, musadikire masabata asanu. Pitani lero, dzuwa lisanalowe, mukanene ndi pakamwa panu. Adzakutukwanani, mwina adzakuthamangitsani, koma munthu wina adzatulutsa dzanja lake pansi pa bulangete.

Bambo Mulewa pano amayenda ndi ndodo, amagwira kapu, amamanga okha mabatani a malaya. Pa dzanja lija zala zitatu zimatambasuka. Ziwiri, chaching'ono ndi choyandikana nacho, zinapindika mpaka lero. Kuchipatala anati mwina zikanatero ndithu ngakhale akanapanda kusiya zolimbitsa thupi. Iwonso amandiuza kuti, "Make Chisomo, zisiyeni, zitatu zikukwana kumenya chigoli." Koma ine sindidziwa, ndipo sindidzadziwa pansi pano. Mulungu anandikhululukira, ndikukhulupirira ndi mtima wonse, koma masabata asanu aja sanandibwezere kuti ndikawakonze.

Choncho ndikakhala pansi musaombe m'manja, musaimbe nthungululu. Ndinalandira kale nthungululu zimene sizinali zanga. M'mawa uliwonse ndisanayatse mbaula ya zitumbuwa ndimagwada n'kutchula zala ziwiri zija pamaso pa Ambuye, chimodzi ndi chimodzi. Ndakhala ndikuzipempherera ndekha. Lero ndikupempha kuti tiweramitse mitu, mundithandize.